Ulendo wa ku Zanzibar pa basi: masiku 10 angakwane kuona Stone Town, Bagamoyo ndi Kilwa?

Nachisale:

Moni nonse. Tikukonza ulendo wa ku Tanzania mu Julayi, ine ndi ana anga awiri a ku sekondale. Tili ndi masiku 10 okha, kuwerengera lonyamuka ku Lilongwe ndi lobwerera, ndipo tiyenda pa basi poti ndege yatikanika. Ndikufuna anawa akaone ndi maso malo amene akapolo ochokera kuno ankafikira, komanso akasambeko m'nyanja yamchere. Kodi masikuwa angakwane Stone Town, Bagamoyo ndi Kilwa? Nanga pa chipata ndi pa doko pamafunika mapepala anji?

WapaSongwe:

Mayi Nachisale, yambani mwachotsa masiku a pamsewu. Basi yochoka ku Lilongwe n'kukafika ku Dar es Salaam imadya maola oposa 24, choncho kupita ndi kubwera ndi masiku anayi, mwatsala ndi 6. Mukamayenda modula, kugona ku Karonga kenako ku Mbeya, ndiye kuti masiku atatu kupita, atatu kubwera, mwatsala ndi anayi okha. Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar ndi makilomita oposa 800, ndipo basi yonyamuka mbandakucha imafika usiku. Msewu wake umadzera ku Iringa, umatsika mapiri a Kitonga, n'kudula pakati pa Mikumi National Park, pomwe nthawi zambiri njovu ndi mbidzi zimaoneka muli m'basi momwemo. Ana akakhale ku zenera. Sitima ya TAZARA imadzeranso pa Mbeya, koma siyenda tsiku lililonse ndipo imachedwa kawirikawiri. Kwa munthu wowerenga masiku ngati inu, ayi.

Mapepala: Amalawi safunika viza ku Tanzania, koma aliyense akhale ndi pasipoti yake yotsala ndi miyezi yosachepera 6. Tengani ziphaso zobadwira za ana ndi kalata ya bambo awo yovomereza ulendowu, kuti asakuchedwetseni pa Songwe. Khadi la katemera wa yellow fever amalifuna kwa ochokera m'mayiko momwe muli matendawa, kapena amene anadikira ndege maola oposa 12 m'mayiko otero, monga Kenya ndi Ethiopia. Inu odzera pa Songwe sizikukukhudzani. Majumbo apulasitiki adaletsedwa ku Tanzania mu 2019, musalongedzeremo katundu.

Zinthu ziwiri zimasiyitsa anthu basi. Choyamba, Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, sinthani mawotchi mukangowoloka mlatho. Chachiwiri, Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Wogulitsa tikiti akanena kuti "saa kumi na mbili asubuhi" akutanthauza 6 koloko m'mawa, osati 12. Muuzeni akulozereni pa wotchi.

Ku Dar mabasi amatsitsa ku siteshoni ya Magufuli ku Mbezi, kutali ndi doko, choncho gonani kaye. Maboti othamanga a Azam Marine amatenga pafupifupi maola awiri. Tikiti mugule pa ofesi yawo yeniyeni ya pa doko, ndipo mlendo amalipira zochuluka kuposa nzika. Adobadoba amakuchingamirani musanatsike n'komwe m'takisi, kukulandani chikwama n'kukulowetsani m'kaofesi kawo komwe tikiti yomweyo amaikweza mtengo. Zanzibar ndi mbali ya Tanzania, komabe pa doko lake mumaonetsanso pasipoti. Kuyambira Okutobala 2024 alendo akukakamizidwanso kugula inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, yomwe adailengeza pa mtengo wa madola 44 munthu wamkulu. Gulanitu pa intaneti, n'kusunga umboni wake m'foni ndi papepala.

Julayi ndi nyengo yabwino, mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi imakhala itatha. Vuto ndi mphepo ya kusi, yomwe imavundula nyanja ngati mwera wa kwathu kuno. Kwerani boti la m'mawa, khalani kumbuyo ndi pansi pomwe sipadumpha kwambiri, ndipo amene amachita nseru amwe mankhwala kutatsala theka la ola.

MphunzitsiWaMbiri:

Ngati cholinga ndi ana, Stone Town ipatseni masiku awiri athunthu, ndipo muyambire ku Mkunazini, pa tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Pamenepo ndi pomwe panali msika wa akapolo, womwe Sultan Barghash adautseka mu 1873 atapanikizidwa ndi Britain kudzera mwa John Kirk. Chaka chomwecho amishoni a Anglican a bungwe la UMCA adayamba kumanga tchalitchichi motsogozedwa ndi Edward Steere, yemwe adaikidwa kuseri kwa guwa mu 1882. Oonetsa alendo amati guwalo lili pomwe panali mtengo wokwapulirapo akapolo. Muli mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, womwe patsinde pake adakwirirapo mtima wa David Livingstone. Panja pali dzenje momwe muli ziboliboli zisanu za anthu omangidwa unyolo m'khosi, ntchito ya Clara Sörnäs ya mu 1998.

Anawa muwakumbutse kuti UMCA imeneyi ndi yomwe idafika ku Magomero mu 1861 ndi Bishopu Mackenzie. Zitavuta kumeneko idasamukira ku Zanzibar mu 1864, ndipo idabwerera ku nyanja yathu mu 1885, pa Likoma. Ambiri mwa omasulidwa amene adaphunzira m'sukulu zake ku Mbweni ndi ku Kiungani anali ochokera kuno, Anyanja ndi Ayao.

Adzakutsitsiraninso m'tizipinda tiwiri tapansi, totsika denga, n'kunena kuti akapolo ankasungidwa mmenemo. Akatswiri ena a mbiri amatsutsa zimenezi chifukwa nyumba ya pamwamba pake idamangidwa msika utatsekedwa kale. Lowani ndithu, koma nthawi yochuluka muithere m'chipinda cha zithunzi ndi zolembedwa chomwe chili pambali, muli mapu a njira ndi nkhani za anthu enieni. Pamenepo patengeni maola awiri, osati mphindi 30 zomwe oonetsa alendo amafuna. Mukapeza mpata pitaninso ku Mangapwani, makilomita pafupifupi 20 kumpoto, kukaona chipinda chokumbidwa m'thanthwe chomwe amalonda ankabisamo anthu malondawa ataletsedwa.

Tsiku lachiwiri yendani wapansi. Ngome Kongwe, linga lomwe Aomani adamanga cha m'ma 1699 atapirikitsa Apwitikizi, lili pafupi ndi House of Wonders ya mu 1883, nyumba yoyamba pachilumbapo kukhala ndi magetsi. Mbali ina ya nyumbayi idagwa mu Disembala 2020, choncho yembekezerani kuiona chakunja. Yang'anitsitsani zitseko. Za Amwenye zimakhala zokhota pamwamba, zokhomedwa timisonga tamkuwa. Za Aluya zimakhala zamakona anayi, pamwamba posemedwa mawu a m'Korani. Makoma ndi a miyala ya korali yomatidwa ndi laimu, ndipo pomwe anthu adazirapo simenti mudzaona khoma likufufuma n'kuyoyoka, chifukwa simenti imatsekera chinyezi chamchere m'kati pomwe laimu amachilola kutuluka. Mzindawu udalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2000, koma nyumba zambiri zikuonongeka motero.

Anthu ake ambiri ndi Asilamu. M'tauni valani zophimba mapewa ndi mawondo, chitenje chimakwanira, ndipo musajambule munthu musanapemphe. Madzulo ku msika wa zakudya wa ku Forodhani, funsani mtengo mbale isanafike m'manja mwanu. Idyani zomwe akuwotcha inu mukuona, chifukwa nsomba ndi nkhanu zoyalidwa pathebulo zina zimakhala zadzulo, angozitenthetsa.

AchimweneKilwa:

A Mphunzitsi afotokoza bwino, koma pa funso la mayiwa ine ndikuti malo atatu sangatheke, ndipo woti asiyidwe ndi Bagamoyo. Njira yaikulu yothera ku Bagamoyo inali yochokera ku Ujiji ndi Tabora. Anthu athu amene Jumbe ankawasonkhanitsa ku Nkhotakota ankawolotsedwa nyanja pa zombo zamatanga, n'kuyendetsedwa wapansi, atasenza minyanga, mpaka ku Kilwa Kivinje. Kumeneko ndi komwe ankakwezedwa zombo zopita ku msika wa ku Zanzibar. Zimandiwawa kuti Amalawi ambiri amapita kukajambulitsa ku Bagamoyo osadziwa kuti doko la makolo awo lili kummwera.

Ku Kilwa kuli malo atatu, musawasokoneze. Kilwa Masoko ndi tauni yogona, makilomita pafupifupi 300 kuchoka ku Dar, maola 5 kapena 6 pa basi kudzera pa mlatho wa Mkapa pa mtsinje wa Rufiji. Kilwa Kivinje ili chakumpoto pang'ono, mumaipitirira musanafike ku Masoko, ndipo kwatsala nyumba zogumuka za amalonda ndi boma la Ajeremani m'mphepete mwa nyanja. Zikwangwani zofotokoza n'zochepa, pezani munthu wodziwa kuti akuyendetseni. Kilwa Kisiwani ndi chilumba choyang'anizana ndi Masoko, mphindi zochepa pa boti, ndipo mbiri yake ndi yakale kwambiri. Idalemera ndi golide wochokera ku Great Zimbabwe kudzera ku Sofala, Ibn Battuta adafikako mu 1331, Apwitikizi adailanda mu 1505. Mzikiti waukulu wa madenga obulungira udakalipo, pamodzi ndi nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa yomwe ili ndi dziwe losambira la makona 8. UNESCO idalemba mabwinjawa mu 1981. Chilolezo mumalipirira ku Masoko musanakwere boti. Nyamukani 7 koloko, tengani madzi okwanira ndi zipewa, chifukwa kuchoka pa mzikiti kukafika ku Husuni Kubwa ndi kamtunda ndithu ndipo mthunzi ndi wosowa.

Pa masiku 6 aja: atatu ku Zanzibar, lachinayi boti la m'mawa n'kulumikiza basi ya ku Kilwa, lachisanu Kisiwani m'mawa ndi Kivinje madzulo, lomaliza kubwerera ku Dar.

MphunzitsiWaMbiri:

Ndikuvomereza, achimwene. Bagamoyo ili ndi zake: pa mishoni ya Akatolika ya mu 1868 ndi pomwe mtembo wa Livingstone udagona mu 1874, omuthandiza ake Susi ndi Chuma ataunyamula kuchokera kwa Chitambo, ndipo Chuma anali Myao. Koma ili makilomita pafupifupi 70 okha kuchoka ku Dar, ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwera madzulo. Ikhale ya tsiku lomwe lingapezeke mwangozi.

Nachisale:

Zikomo kwambiri nonse, Bagamoyo taisiya. Tsiku lachitatu la ku Zanzibar likhale losambira. Gombe liti lili bwino kwa ana?

WapaSongwe:

Poti ndi tsiku limodzi, pitani kumpoto, ku Nungwi kapena ku Kendwa, makilomita pafupifupi 60 kuchoka ku Stone Town. Madaladala, maminibasi a kumeneko, amanyamukira ku Darajani. Nyanja yamchere imaphwa n'kudzazanso kawiri pa tsiku, ndipo kummawa, ku Paje ndi Jambiani, gombe n'lathyathyathya moti madzi amathawira kutali kwambiri, makamaka mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene. Mungafike masana n'kupeza mchenga wokhawokha ndi minda ya ndere, n'kudikira maola angapo. Ku Kendwa pamazama msanga, mumasamba nthawi iliyonse, koma pa chifukwa chomwecho wosadziwa kusambira asapitirire madzi a m'chiuno. Ana avale nsapato zapulasitiki chifukwa m'miyala mumabisala tinyama taminga takuda, ndipo minga yake imathyokera m'phazi. Fufuzani nthawi ya daladala yomaliza mukangotsika, apo ayi mudzabwerera pa takisi yodula.