Ndithandizeni nzeru pa app yophunzitsa amayi kukambirana mtengo

Akuluakulu, ndikukonza app ya pafoni yophunzitsa amayi kukambirana mtengo, makamaka alimi a mtedza ndi soya a ku Mchinji ndi Kasungu. Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, koma venda akafika pakhomo ndi sikelo yake, mayi amene akufuna ndalama ya fizi tsiku lomwelo amangovomera. Ndikufuna azimva mawu a venda akuti "mtedza wanuwu ngwosauma, nditsitsa mtengo", iye n'kusankha choyankha, kenako app imuuze pamene wagonja msanga.

Pandivuta ndi apa: ambiri ali ndi timafoni ta mabatani, ndipo bandulo njodula. Kodi ndingopanga yoimba manambala ngati mmene timachitira pa Airtel Money ndi Mpamba? Komatu pamenepo mawu samveka, osadziwa kuwerenga atsalira. Kapena foni imodzi ya gulu la banki m'khonde, azimvera limodzi akakumana?

Chinanso, m'makomo ambiri wogulitsa zokolola amakhala bambo. Ndiikemo phunziro la kukambirana ndi amuna awo za ndalamazo, kapena ndiyatsa moto m'mabanja? Amene munagwirapo ntchito ndi magulu a amayi, chonde ndiuzeni.