Asilikali a Xerxes analipo angati kwenikweni? Ndithandizeni chowauza ana

Abale ndi alongo pagulu lino, makamaka aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Sabata yamawa ndikukamba ndi ana a kalabu ya mbiri yakale za nkhondo imene mfumu Xerxes ya ku Persia inapita nayo ku Greece mu 480 BC. Chandiimitsa mutu ndi chiwerengero. Herodotus, wolemba mbiri wakale wa ku Greece, analemba kuti oyenda pansi okha analipo 1,700,000, ndipo akaphatikiza apakavalo, am'zombo ndi onyamula katundu amafika pa 5,283,220. Akuti ku Doriscus, malo ena a panjira yopita ku Greece, anapanikiza amuna 10,000 pamodzi, n'kumanga mpanda wowazungulira, kenaka magulu ankalowamo mosinthana mpaka onse atawerengedwa.

Ana aikonda nkhaniyi, koma ine mimba za anthuwo zikundisowetsa mtendere. Phoso la msilikali pa tsiku linali pafupifupi lita imodzi ya tirigu. Ndawerengetsera oyenda pansi okhawo, zikupitirira matumba 25,000 a makilogalamu 50 tsiku lililonse, osawerengera chakudya cha akavalo ndi ngamila. Kodi ndiwauze chiwerengero cha Herodotus monga chilili, kapena ndichisiyiretu? Sindikufuna kuwanamiza, komanso sindikufuna achoke akuganiza kuti mabuku akale onse ndi nthano.

Yankho loyamba:
Aphunzitsi, inu mwayambira pa tirigu, koma chovuta kwambiri ndi madzi. Tirigu amanyamulika pa zombo, pomwe madzi a khamu lotere sanyamulika. Herodotus yemweyo akuti mitsinje ina, monga Scamander, inaperewera iwo atamwa. Mu 1930 mkulu wa asilikali wa ku Britain, Frederick Maurice, amene anayendera dera la Dardanelles (mpata wa nyanja wolekanitsa Asia ndi Ulaya) n'kuona mitsinje yake nyengo yachilimwe, analemba kuti njirayo sikanatha kumwetsa anthu oposa 210,000 ndi ziweto 75,000. Pali akatswiri ena amene amatsitsa kuposa pamenepo. Anawo auzeni ziwerengero zonse ziwiri, muwapatse choko awerengetsere okha.

Yankho lachiwiri:
Ndikuvomereza kuti mamiliyoniwo ndi okokomeza, koma chonde musapeputse anthu a ku Persia. Ulendowu anaukonzekera zaka zinayi. Anakumba ngalande ya zombo pafupi ndi phiri la Athos kwa zaka zitatu, chifukwa mu 492 BC namondwe anaswa zombo za Mardonius, mkulu wa asilikali a ku Persia, pozungulira phirilo. Anaunjikiratu chakudya ku Leuke Akte, Tyrodiza, Doriscus, Eion ndi ku Macedonia. Pa Hellespont, lomwe ndi dzina lakale la Dardanelles, anayala milatho iwiri pa zombo 360 ndi 314, zomangidwa ndi zingwe za fulakesi ndi gumbwa. Munthu sangavutike chonchi chifukwa cha kagulu kochepa. Ndipo zombo zinkayenda kufupi ndi gombe limodzi ndi apamtunda, n'chifukwa chake zitagonja ku Salamis, Xerxes anabwerera ndi gawo lalikulu la anthu ake n'kusiya Mardonius ndi osankhika. Kwa ine apa ndiye pagona phunziro lanu.

Yankho lachitatu:
Musaiwale amene ankalipira. Mizinda ya m'njira inkalamulidwa kuphikira mfumu ndi khamu lake, ndipo anthu a ku Thasos akuti anawononga matalente 400 a siliva (talente inali muyeso waukulu wa kulemera kwa siliva) pa chakudya cha tsiku limodzi. Komanso ana opita kutchalitchi muwauze kuti akatswiri ambiri amati Xerxes ameneyu ndiye Ahaswero wa m'buku la Estere, mudzaona akutchera khutu.

Wofunsa uja:
Zikomo kwambiri nonse. Nditenga nzeru ya choko ija, ndiyambira pa madzi. Chatsala ndi zombo zankhondo 1,207 zimene Herodotus amatchula. Chombo chimodzi chinkanyamula anthu pafupifupi 200, ndipo opalasa amamwa kwambiri. Alipo amene angandithandize mmene ankapezera madzi pagombe tsiku ndi tsiku?