Ndikufuna kugula kompyuta ya pa tebulo, ndiyang'ane chiyani?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kugula kompyuta yatsopano ya pa tebulo yogwiritsa ntchito mu shopu yosindikiza: kutayipa, kukonza makhadi a ukwati ndi mapositala pa CorelDRAW ndi Photoshop, komanso kusunga zithunzi za makasitomala. Sitolo ina ili ndi Core i7, RAM 8GB, hadi disiki ya 1TB. Ina ili ndi Core i3, RAM 8GB, SSD 256GB, koma mtengo wake ndi wokwererapo. Kodi yamphamvu si i7? Nanga ndi magetsi athuwa ndiiteteza bwanji?

Wokonza makompyuta: Achimwene, musagule chifukwa cha mawu oti i7 okha. Funsani nambala yonse ya purosesa, ubongo wa kompyuta. Manambala otsatira i7 kapena i3 ndiwo amasonyeza m'badwo wake. i7-3770 ndi ya m'badwo wachitatu, inatuluka mu 2012. i3-12100 ndi ya m'badwo wa 12, ya mu 2022, ndipo imaisiya kutali i7 yakaleyo. Ogulitsa ena amalemba i7 ndi zilembo zikuluzikulu, nambala yotsatirayo n'kuibisa.

Nkhaniyi yakula chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'mwamba, kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'mwamba, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Mukaona kompyuta ya m'badwo wa 4 kapena 6 ili ndi Windows 11, dziwani kuti anachita kuikakamiza, ndipo Microsoft silonjeza kuti izilandira ma update. Mukafika pa sitolo, muuzeni wogulitsa aiyatse. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc limodzi kuti mutsegule pulogalamu ya Task Manager, mupite pa Performance. Pamenepo muona dzina lenileni la purosesa, kukula kwa RAM (malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwira pa nthawiyo), ndiponso ngati disiki ili SSD (yothamanga, yopanda zozungulira m'kati) kapena HDD (hadi disiki). Kenako dinani batani la Windows ndi R, mulembe tpm.msc, muone ngati yalemba 2.0. Wokana kuyatsa makina, musiyeni.

Wojambula mapositala: Pa ntchito imene mwatchulayi 8GB ikuchepa. Photoshop, CorelDRAW ndi Chrome zikatseguka limodzi RAM imadzaza, kompyuta n'kuyamba kubwereka malo pa disiki, ndiye kuuma kuja. Gulani 16GB, ndipo zikhale ziwiri za 8GB osati imodzi ya 16GB. Zikakhala ziwiri zimagwira ntchito limodzi, ndipo zithunzi zimayenda bwino makamaka pa kompyuta yopanda khadi la graphics lapadera. Funsaninso ngati ili DDR4 kapena DDR5, chifukwa sizilowana, kampata kake kali malo osiyana.

Za disiki palibe kukambirana, Windows ikhale pa SSD. Hadi disiki imawerenga 150MB mpaka 200MB pa sekondi ikakhala bwino, SSD ya SATA imafika cha m'ma 550MB, pamene ya NVMe imadutsa 2,000MB. 256GB idzadza msanga, 512GB ndiyo yoyambira. Zithunzi za makasitomala muzisunganso pa disiki yakunja, poti SSD ikafa nthawi zambiri siichenjeza. Khadi la graphics musavutike nalo, mapositala salifuna. Ndalamayo ipite ku sikirini ya IPS ya mainchesi 24, 1920x1080, kuti mtundu usamasinthe mukapendeka mutu.

Wina wa za makina: Onjezerani apo: purosesa ya Intel yokhala ndi F kumapeto, monga i5-12400F, ilibe graphics m'kati. Popanda khadi lapadera sikirini ikhala bii. Onaninso mabowo a kumbuyo. Ma Dell OptiPlex ndi HP EliteDesk ambiri ali ndi DisplayPort, pamene sikirini zambiri m'masitolo muno zili ndi HDMI ndi VGA basi. Mugule chingwe choyenera pompo. Wi-Fi nayo sipezeka m'makompyuta onse a pa tebulo, funsani.

Wokonza makompyuta: Mwati mukufuna yatsopano, ndiye tsimikizani kuti ndi yatsopanodi. Katoni yoyera si umboni. Ya Dell ili ndi Service Tag pa kapepala komata, HP ndi Lenovo zili ndi serial number. Ilembeni pa webusaiti ya kampaniyo, ikuuzani pamene waranti inayamba ndi pamene ithere. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imasonyeza maola amene disiki yagwira ntchito. Yatsopano imakhala ndi maola ochepa chabe, osati masauzande. Koma njirayi payokha siikwanira, chifukwa SSD yatsopano amatha kuiika m'makina akale. Pa risiti alembepo serial number ndi kutalika kwa waranti, komanso anene amene adzakonze ikawonongeka.

Wogulitsa zipangizo: Ine ndisiyana nanu pang'ono. Yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa. OptiPlex kapena ThinkCentre ya i5-8500 yochokera m'maofesi a kunja imalimba ndipo imalandira Windows 11 mwalamulo. Vuto n'kuigula pa mtengo wa yatsopano. Chenjezo ndi lakuti power supply (chipangizo chogawa magetsi m'kati mwa kompyuta) ya makina ang'onoang'ono amenewa ili ndi mapulagi akeake, ikapsa simungangoikamo ya wamba. Onaninso kuti BIOS (pulogalamu yoyamba kudzuka mukayatsa makina) ilibe pasiwedi, ndipo ngati tsiku ndi nthawi zikubwerera m'mbuyo, kabatire ka CR2032 katha.

Wa zamagetsi: Musathere ndalama zonse pa kompyuta, musiyeko za UPS, chipangizo cha batire chopatsa kompyuta mphamvu magetsi akazima. Magetsi akazima mwadzidzidzi mafayilo amawonongeka, ndipo akamabwera ndi mphamvu ndi pamene power supply imapsa. Manambala a pa UPS amanyenga: 650VA ndi mawati pafupifupi 360. Kompyuta ya mu ofesi ndi sikirini yake zikwana bwino, koma kwa mphindi zochepa zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa. Sankhani yolembedwa AVR, imene imawongola magetsi akatsika kapena kukwera. Pulinta ya laser ndi fotokope musazilumikize ku UPS, zimakoka mphamvu yambiri zikamatenthetsa. Batire la m'kati mwa UPS, nthawi zambiri 12V 7Ah, limafooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo limasinthidwa palokha. Magetsi athu ndi 230V, choncho ngati kumbuyo kwa kompyuta kuli kaswitchi kofiira ka 115/230, kakhale pa 230 musanalumikize. Kakakhala pa 115 mungomva phuu. Nyengo ya mvula, mphenzi zikayamba, zulani pulagi pa khoma. Bokosi la kompyutalo musaliike pansi, limameza fumbi mafani n'kutsekeka.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndafunsa manambala aja. i7 ija ndi 4770, i3 ndi 12100.

Wokonza makompyuta: 4770 ndi ya mu 2013, singakhale yatsopano ndipo Windows 11 siivomereza. Tengani ya 12100, achimwene. Musanalipire, atsegule bokosi muone ngati pali malo ena a RAM opanda kanthu. Akakhalapo, aikemo 8GB yachiwiri ya mtundu ndi liwiro lomwelo, asinthenso SSD ikhale 512GB inu muwonjezere ndalama. Aiyatse muli pomwepo, Task Manager ionetse 16GB.