N'chifukwa chiyani Kat wa mu Redwater sakufanana ndi Kat wa mu EastEnders?

NaBanda wa ku Leeds:
Ndakhala ndikuonera EastEnders, sewero la pa TV la ku Britain, kwa zaka zambiri, ndipo posachedwapa ndinapeza mpata woonera Redwater, sewero la zigawo 6 limene BBC One ndi RTÉ One anayamba kuulutsa mu Meyi 2017. Seweroli linaphukira pa EastEnders, ndipo limatsatira Kat ndi mwamuna wake Alfie Moon pamene anapita ku Ireland kukafunafuna mwana wamwamuna wa Kat, mapasa ndi mwana wake wamkazi Zoe, amene anamulanda atangobadwa Kat ali ndi zaka 13. Ochita seweroli ndi omwewo, Jessie Wallace ndi Shane Richie, koma mtima wanga sunakhazikike chifukwa Kat amene ndinkamudziwa, wapakamwa, wa zovala zamawangamawanga ngati kambuku, wosachedwa kukalipa mu bala ya Queen Vic, sindinamuone. Amene ndinamuona ndi mayi wofatsa, wolankhula motsitsa. Kodi alembi analakwitsa, kapena mpangankhani amayenera kusintha chonchi akasamutsidwa?

Bambo a Chisomo:
Mayi, ine ndikuona kuti alembi sanalakwitse, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Phokoso la Kat silinali khalidwe lobadwa nalo chabe, linali chishango chake. Kumbukirani kuti mu 2001 zinaululika kuti Zoe, amene aliyense ankamutenga ngati mng'ono wake, anali mwana wake womubereka atagwiriridwa ndi Harry Slater, mchimwene wa bambo ake. Munthu wokhala pakati pa abale ndi anansi odziwa chilonda chake chotere amafunika kukuwa kuti asamunyoze kapena kumumvera chisoni. Ku Albert Square, kumene anthu a mu EastEnders amakhala, aliyense amadziwa mbiri ya mnzake, ndipo wotsitsa mawu amapondedwa.

Tsono mukamutenga mayi ameneyu n'kukamuika m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja umene palibe womudziwa, kumene iyeyo ndi mlendo wodzapempha kuti eni mudzi amuululire chinsinsi chawo, akuwiranji? Mlendo salowa m'mudzi ndi mkokomo. Chimene chinasintha si Kat yekha ayi, koma anthu omuzungulira, ndipo m'masewero a mtundu umenewu mpangankhani amaumbidwa ndi anthu amene amakangana nawo sabata ndi sabata.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndikugwirizana ndi Bambo a Chisomo pa mfundo ya anansi, koma pali china chimene sanatchule. EastEnders yakhala ikuulutsidwa kuyambira mu 1985, kangapo pa sabata, ndipo nkhani yake ilibe mathero, choncho mpangankhani ayenera kuzindikirika msanga ngakhale kwa munthu amene akuonera uku akuphika. Redwater inalembedwa ndi Matthew Graham ndi anzake ngati nkhani ya chinsinsi ndi kupha, yojambulidwa ku Dunmore East, ndipo inapatsa nthawi yochuluka banja la a Byrne ndi wansembe Dermott Dolan, amene ndiye mwana wotayikayo. Dandaulo langa lili pomwepa. Kat ndi Alfie anasanduka alendo m'sewero lotchedwa dzina lawo (Kat & Alfie: Redwater), ndipo Alfie, amene tinkamukonda chifukwa cha nthabwala zake, anangokhala wodwala chotupa cha muubongo woona masomphenya. Kufatsa kwa Kat ndikukumvetsa, koma Alfie anamuchepetsa.

Chikondi M.:
Ndiloleni ndibweretse chitsanzo chakale chosonyeza kuti kusamutsa kungathenso kumukuza mpangankhani. Mu Dallas, sewero la pa TV la ku America, Gary Ewing anali mwana wosawerengeredwa, chidakwa chothawa bambo ake Jock ndi mkulu wake J.R., ndipo ankangoonekera mwa apo ndi apo. Pamene Knots Landing, sewero lophukira pa Dallas, inayamba mu 1979, Gary ndi mkazi wake Valene anasamukira ku California, ndipo kumeneko Ted Shackelford, amene ankachita mbali ya Gary, anamusandutsa munthu wathunthu, wokhala ndi zofooka zake koma wosankha yekha njira yake. Seweroli linafika mpaka 1993, kupitirira Dallas imene inatha mu 1991. Mthunzi wa J.R. utachoka, mpamene tinayamba kumuona Gary.

Vuto limabwera masewero awiriwo akayamba kutsutsana. Bobby Ewing, mng'ono wake wa Gary, atamwalira mu Dallas mu 1985, Gary anamulira mu Knots Landing, koma mu 1986 Dallas inanena kuti imfayo inali maloto a Pam, amene anali mkazi wa Bobby. Knots Landing sinatsatire zimenezo, ndipo kuyambira pamenepo Gary wa uku ndi banja la uko anakhala ngati a m'maiko awiri.

NaBanda wa ku Leeds:
Zikomo nonse. Mfundo ya Bambo a Chisomo yandigwira mtima, ndipo ndaoneranso chigawo choyamba ndi maso ena. Komabe zimene a Chikondi anena za kutsutsana ndi zimene zikundipweteka kwambiri. Redwater inatha Kat atavulala koopsa panyanja, Alfie ali pa opaleshoni, ndipo sinapitirizidwe. Mu 2018 Kat anabwerera kwawo ku Walford mu EastEnders, natulukira pamwambo umene abale ake anakonza pomuyesa wakufa, ali ndi pakamwa pake pakale paja. Ndinasangalala kumuona, koma ndinkayembekezera kuti mayi amene anapeza mwana wake patapita zaka zoposa 30, n'kuzindikira kuti mwanayo ndi wakupha, abwerako ndi chipsera chooneka pankhope ndi m'mawu ake.