Kabokosi kotsatira wowerenga kakudumphadumpha pa foni

wa_ku_Ulongwe:
Akuluakulu, pa tsamba la mitengo ya kachewere ndi nyemba pali kabokosi kosonyeza ndalama zonse m'mameticais, ndipo kakuyenera kutsika limodzi ndi wowerenga. Panopa scroll ikachitika, `.animate()` ya jQuery (laibulale ya JavaScript) imasintha `top`, mtunda wa kabokosiko kuchokera pamwamba. Pa kompyuta zili bwino, koma pa foni kakudumphadumpha, mwinanso kamayendabe chala chitachoka kale. Chalakwika n'chiyani?

Tsangano_dev:
Achimwene, scroll imachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndiye `.animate()` iliyonse imaima pamzere kudikira inzake. N'chifukwa chake kakuyendabe inu mutasiya. `.stop(true)` imachotsa mzerewo, koma kunena zoona JavaScript siyofunika apa. Mu CSS ya kabokosiko lembani `position: sticky; top: 16px;` basi. Mukaiwala `top`, palibe chichitike.

wa_ku_Ulongwe:
Ndalemba choncho, sikakumata.

Tsangano_dev:
Yang'anani mabokosi onse amene kali mkati mwake. Limodzi likakhala ndi `overflow: hidden` kapena `auto`, kanuko kamamatirira ku bokosilo osati ku tsamba lonse. Sinthani kukhala `overflow: clip`. Chinanso chimene chimagwetsa ambiri ndi flex, njira ya CSS yondandalika mabokosi: imakakoka kuti katalike mofanana ndi bokosi lalikulu, ndiye kamasowa poyenda. Mankhwala ake ndi `align-self: flex-start`.

Mayi_Furancungo:
Sticky imamata nthawi yomweyo. Ngati mukufuna kuti kazitsalira pang'ono kenaka n'kufika mofatsa, pamenepo ndiye `requestAnimationFrame`, imene imayendetsa code yanu browser isanajambule frame (chithunzi chimodzi cha pa sikirini) yotsatira. Pa frame iliyonse werengani `scrollY` kuti mupeze `cholinga` (pamene kabokosi kayenera kufika), muchite `y += (cholinga - y) * 0.1` (`y` ndi pamene kali panopa), kenaka muike `y` mu `transform: translateY()`. Musakhudze `top`, chifukwa ikasintha browser imayezanso malo a zinthu pa tsamba, pomwe pa sikirini ya 60 Hz nthawi ya frame imodzi ndi mamilisekondi 16.7 okha. Foni yotchipa siingakwanitse.

Samalani ndi 0.1 ameneyu: pa foni ya 120 Hz kabokosi kathamanga kawiri, choncho muwerengetsere ndi nthawi imene `requestAnimationFrame` imapereka. Kusiyana kwa `cholinga` ndi `y` kukatsika pansi pa 0.5px imitsani loop, muiyambitsenso scroll ikabwera, apo ayi batire lingotha chabe. Kumudzi kotchajitsa foni pa sola anthu sangakukhululukireni.

Tsangano_dev:
Mayi anena zoona. Komabe pa foni yopapatiza, kabokosi koyandama kamaphimba mitengo yomweyo imene munthu akufuna kuwerenga. Sikirini ikakhala yopapatiza pansi pa 600px ingokaikani m'munsi ndi `position: fixed; bottom: 0;`, ndipo `body` muipatse `padding-bottom` yofanana ndi kutalika kwake kuti mzere womaliza uzioneka.