Ndigule kuti nyimbo zoti zilire pa kaMP3 ka bambo anga?

Mwana wa Chisamba (Lilongwe)

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru, nkhani yake ndi ya bambo anga.

Bambo ali kumudzi ku Dowa, zaka zawo 74, ndipo maso anayamba ng'ala moti kuwerenga buku la nyimbo kunatha kalekale. Anali wotsogolera kwaya pa mpingo pathu kwa zaka zambiri, ndiye tsiku losamva nyimbo kwa iwo ndi tsiku lalitali. Foni yotsetsereka ija ndinayesa kuwapatsa, inawakanika, chifukwa saona pamene akugwira. Ndiye mwezi watha ndinawagulira kaMP3 kakang'ono ka mabatani, kolowa memore khadi, kotchaja pa sola yomwe ija timawunikira m'nyumba. Mabataniwo anawaloweza ndi chala tsiku limodzi: lapakati kuyatsa, lakumanja kudumpha nyimbo, lam'mwamba kukweza mawu.

Vuto ndi nyimbo zoikamo. Ndinalipira mwezi umodzi pa app ina ya nyimbo, n'kudawuniloda nyimbo zoposa 60 za makwaya, bandulo yanga yonse inathera pomwepo. Pa foni zikulira bwinobwino ngakhale ndizimitse data. Koma nditalumikiza foni ku kompyuta ya kuntchito kuti ndizikopere mu khadi, sindinapeze ngakhale imodzi yolembedwa .mp3. Zimene ndinapeza ndi timafayilo ta mayina a manambala, ndipo kaMP3 kaja kakungoti mulibe kanthu.

Mng'ono wanga atamva anatenga khadi n'kukathiritsa nyimbo pa trading centre. Zinalowa zambirimbiri, koma zina muli munthu wofuula dzina lake pakati pa nyimbo, zina mawu ali pansi zina ali pamwamba moti bambo amadzidzimuka, zina n'zoduka kumapeto. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti bambo atamvera anafunsa kuti, "Kodi ana oyimbawa alandirapo kanthu?" Iwo ndi kwaya yawo anajambulapo kaseti kale, atasonkherana ndalama za mtedza ndi chimanga, kenako anaipeza ikugulitsidwa pa msika ndi anthu osawadziwa. Mpaka lero saiwala. Anandiuza kuti bola nyimbo khumi zogula kusiyana ndi mazana otola.

Ndiye ndikufunsa: pa intaneti pali pamene ndingagule nyimbo n'kukhala yangayanga, yoti ndiike pa khadi? Nanga ndilipira bwanji ndili kuno? Khadi langa la ku banki ndinayesapo kugulira zinthu za kunja, linakana.

Wokonza Mafoni (Limbe)

Achemwali, simunalakwitse kalikonse pokopera. Zimene munalipirazo si kugula, ndi lendi. Ma app olipira pamwezi ngati Spotify ndi Apple Music amakulolani kusunga nyimbo mu foni, koma fayiloyo imakhala yokhoma, kiyi ali ndi app yomweyo. Pa Spotify mukatha masiku 30 osalowa pa intaneti, zimene munasungazo zimasiya kulira, ndipo mukasiya kulipira ndiye basi. Anthu amabwera nazo pa benchi panga pafupifupi sabata iliyonse, ena amaganiza kuti khadi lawo lafa. Chimene mukufuna inu ndi malo ogulitsa fayilo yosakhoma.

Musanagule, yang'anani pa katoni ka kaMP3 kanu kuti kamawerenga mitundu iti ya mafayilo a nyimbo. Totsika mtengo tambiri timawerenga MP3 ndi WAV, tina FLAC, koma M4A si tonse. Mukapatsidwa mwayi wosankha, sankhani MP3 nthawi zonse. MP3 imabwera ndi nambala ya kbps, ikakwera mawu amamveka bwinoko koma fayilo imakula: ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ya 320 kbps pafupifupi 2.4 MB, ndiye nyimbo ya kwaya ya mphindi zisanu ikhala 5 MB kapena 12 MB. FLAC ya nyimbo yomweyo ikhoza kufika 30 MB, ndipo pa timahedifoni ta bambo kusiyana kwake simukumva. Musatayire bandulo pamenepo.

Za khadi: tengani la 8 GB kapena 16 GB, musapitirire 32 GB. Makhadi aakulu kuposa pamenepo amabwera ndi kasungidwe ka mafayilo kotchedwa exFAT, pomwe tiMP3 tambiri timangodziwa kakale kotchedwa FAT32. Komanso makhadi abodza ndi ambiri, lolembedwa 64 GB koma mkati muli malo ochepa, limalandira nyimbo ngati zalowa kenako zina zimasowa kapena kuduka. Mwina zoduka kumapeto zija n'chifukwa chake. Mukagula, lidzazeni pa kompyuta n'kutsegula nyimbo zomalizira kulowa musanapite nalo kumudzi.

China chimene ambiri sadziwa: tiMP3 tina sititsata mayina a nyimbo, timaimba potengera imene inayamba kulowa mu khadi. Popeza bambo saona sikirini, adzadalira kuwerenga ndi chala kuti "ndikadina kanayi ndifika pa nyimbo yakuti". Ndiye kopererani imodziimodzi mu ndondomeko imene iwo akufuna, ndipo muike manambala kutsogolo kwa mayina, 01, 02, 03. Mukadzawonjezera zatsopano zikhale kumapeto, musawasokonezere zimene analoweza. Za mawu okwera ndi otsika, pali kapulogalamu kaulere ka pa kompyuta kotchedwa MP3Gain, kamalinganiza zonse.

Mlongo wa ku Joni

Achemwali, ine ndimagula malo awiri.

Oyamba ndi Bandcamp. Mumalipira kamodzi, n'kusankha nokha kuti mukufuna MP3, FLAC kapena WAV, ndipo nyimbo imakhalabe mu akaunti yanu moti foni ikabedwa mumadawunilodanso osalipira. Mtengo amaika woyimba mwini, ena amalola kuti mupereke zoposa zimene alemba. Bandcamp imatengapo 15 peresenti pa nyimbo zodawuniloda, zotsalazo, akachotsa za otumiza ndalama, zimapita kwa woyimba kapena kampani yake. Kuyambira mu 2020 pali masiku ena a Lachisanu amene satengapo gawo lawolo n'komwe. Ndikuganiza kuti bambo atamva zimenezi mtima ukhoza kukhala m'malo. Koma ndinene zoona, makwaya a m'mipingo ya kwathu amene ine ndinawafunafuna kumeneko sindinawapeze. Ndinapeza oyimba a ku Malawi amene amajambulitsa ndi makampani a kunja, ndi makwaya a mayiko ena.

Achiwiri ndi iTunes Store, osati Apple Music ayi, anthu amasokoneza ziwirizi. iTunes Store ndi sitolo yogulitsa nyimbo imodziimodzi, inayamba mu 2003 nyimbo ili pa masenti 99 a ku America. Poyamba nazonso zinali zokhoma, zolira pa zinthu za Apple monga iPod (koimbira nyimbo kawo) ndi pulogalamu ya iTunes, koma kuyambira 2009 anachotsa loko. Zimabwera ngati M4A, ndiye monga anenera achimwene a ku Limbe, mwina muzisinthe kukhala MP3, ndipo pulogalamu ya iTunes yomweyo imatha kusintha. Ine ndimagula ndi akaunti ya kuno ku South Africa, kulipira ma rand. Sitoloyi imayendera dziko limene akaunti yanu inalembetsedwa, ndiye muyambe mwaona ngati kwanuko batani logula likuoneka.

Chilichonse mungagule, sungani malo awiri. Google Play Music inkagulitsa nyimbo, inatsekedwa mu 2020, ndipo anthu anapatsidwa nthawi yoti asamutse zawo isanathe. iPod yomwe, Apple inasiya kupanga mu 2022. Ine zanga zili pa laputopu, pa flash, ndi pa khadi la amayi anga ku Ntcheu.

Za kulipira, Bandcamp imalandira khadi la Visa kapena Mastercard ndi PayPal. Ngati khadi lanu likukana, muli ndi m'bale kunja? Bandcamp ili ndi njira yogulira munthu wina ngati mphatso, amangolemba imelo yanu, linki imabwera kwa inu, inu n'kumubwezera makwacha kudzera kwa abale ake kumudzi.

Kabaza wa pa Mchesi

Amayi, ine ndinena mosabisa. Ndi mmene kwacha inagwera 44 peresenti mu November 2023 muja, dola imodzi pa nyimbo imodzi ndi ndiwo za tsiku. Anyamata othira nyimbowo nawonso akusaka ya ufa, ndipo ena mwa iwo ali ndi ziphaso za COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Pezani wodziwa ntchito yake, wosaika zofuula zija, akuthirireni zoyera. Madala amvere nyimbo, asadikire ma dola.

Wa Soprano (Zomba)

Achimwene a kabaza, za ndiwo mwanena zoona, palibe angatsutse. Koma funso la bambowa ine landikhudza chifukwa ndili mbali inayo. Ndimayimba mu kwaya ya amayi, ndipo chimbale chathu chomaliza tinachijambula ndi ndalama za maganyu: tinalima m'minda ya anthu, tinaphika pa maukwati awiri, tinasonkha mwezi ndi mwezi. Kulipira studio, minibasi yopita ndi kubwera, chakudya cha anthu 23 masiku atatu. Patangotha sabata chitulukireni, nyimbo zathu zinali m'makhadi a anthu mpaka ku Liwonde. Tinakondwa kuti uthenga ukuyenda, koma ngongole ya ku studio tinamaliza kubweza patapita chaka.

N'zoona kuti COSOMA ilipo, yakhalapo kuyambira 1992, ndipo imatolera ndalama kuphatikizapo ya pa zipangizo zosungira nyimbo n'kugawira mamembala ake. Koma kuti kwaya ilandire iyenera kulembetsa ndi kulembetsanso nyimbo zake, ndipo makwaya ang'onoang'ono ambiri amene ndimakumana nawo pa zikondwerero sanachite zimenezo. Ndalama imene imafika m'manja mwathu mosakayikitsa ndi imene munthu watipatsa yekha.

Ndiye achemwali a ku Lilongwe, njira yanu ndi yaifupi kuposa mmene mukuganizira, ndipo sikufuna dola. Lembani makwaya amene bambo amawakonda. Ambiri ali ndi tsamba pa Facebook, kapena nambala ili pa chikuto cha CD, kapena mufunse abusa kapena mlembi wa mpingo wawo. Imbani, nenani kuti mukufuna kugula chimbale chonse ngati MP3, mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, iwo akutumizireni. Muwauze atumize pa WhatsApp ngati document, kuti dzina la nyimbo lisasinthe, ndipo apemphe mafayilo kwa amene anawajambula ku studio, osati zimene zazungulira kale m'magulupu. Ife munthu akatiimbira chonchi, uthenga umawerengedwa pa mapulakatisi, amayi amaombera m'manja. Si kawirikawiri.

Mufunsenso mtengo kwa iwo eni, musawatchulire ndinu. Ena adzachita manyazi n'kunena kuti "ingotengani, ndi za Mulungu". Tumizanibe, munene kuti ndi za thumba la kwaya.

Ngati kunyumba kuli ma CD enieni amene bambo anagula kale, amenewo ndi ogula kale. Kompyuta yokhala ndi polowetsa CD imawasandutsa MP3 mphindi zochepa. Ndipo kaseti ya kwaya yawo ija, ilipo? Ngati ilipo musaisiye m'chikwama, tepi imawonongeka ndi chinyezi ndi kutentha.

Wokonza Mafoni (Limbe)

Za kaseti amayi a ku Zomba anenazi zimatheka. Pamafunika wailesi ya kaseti imene ikuzungulabe bwino, kachingwe kochoka polowetsa mahedifoni kupita ku kompyuta, ndi pulogalamu yaulere ya Audacity. Imajambulidwa mbali yonse kamodzi, kenako mumadula nyimbo imodziimodzi. Musanaike kaseti yofunikayo, yesani kaye ina yosafunika, chifukwa wailesi yokhalitsa lamba wake amakhala atafooka ndipo imatafuna tepi. Ikakhala yomatana, izungulizeni pang'onopang'ono ndi bolopeni mpaka kumapeto n'kubwerera musanaiyimbe.

Mwana wa Chisamba (Lilongwe)

Zikomo nonse, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera.

Khadi lija linalidi labodza, achimwene a ku Limbe munalondola. Ndinagula lina la 16 GB, ndinaliyesa monga munanenera, lili bwino. Pa katoni palembedwa MP3 ndi WAV basi, ndiye za M4A ndazisiya. Achemwali a ku Joni, msuweni wanga ali ku Cape Town wandigulira chimbale chimodzi pa Bandcamp ngati mphatso, linki inafika pa imelo usiku womwewo.

Bambo anatchula makwaya asanu. Atatu ndawapeza. Ina inatumiza nyimbo 12 tsiku lomwelo, ina inati wosunga mafayilo ali ku maliro ndidikire sabata ya mawa, yachitatu inakana ndalama monga ananenera amayi a ku Zomba, ndinatumizabe, ndipo mlembi wawo anaimba kufunsa dzina la mudzi wa bambo kuti akawatchule m'pemphero. Achimwene a kabaza, zonse pamodzi zandidyera ndalama yocheperapo kuposa bandulo ndi mwezi wa app zija.

Kaseti inapezeka mu sutikesi ya malemu amayi, yokulungidwa mu mpango. Mbali yoyamba yatuluka bwino, yachiwiri nyimbo ziwiri zikukoka mawu, koma zikumveka. Ndaziika kuyambira 01 mpaka 09, zogulazo zikubwera pambuyo. Loweruka ndinapita nako kumudzi. Nditawaveka mahedifoni anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kutchula mayina a oyimba mmodzimmodzi, uyu alipo, uyu anatisiya, uyu anasamukira ku Kasungu. Pa nyimbo yachinayi ndi pamene pali mawu a amayi anga akutsogolera. Andituma ndipange makhadi ena atatu a anzawo a kwaya amene atsala, ndiye achimwene a ku Limbe ndiuzeni ngati la 4 GB likupezekabe, chifukwa nyimbo zake ndi zisanu ndi zinayi zokha.