Za funso lija la derogation, ndapezako mayankho

Ndinafunsa ngati boma lingaimitse ufulu wa anthu (pa Chingelezi amati derogation) pakagwa ngozi, monga madzi a nyanja atalowa m'nyumba kuno ku Mangochi mu 2024. Achimwene ena odziwa malamulo andimasulira bwino.

Nkhaniyi ili mu Gawo 45 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994. Ufulu wina ungaimitsidwe kwakanthawi pokhapokha Pulezidenti atalengeza state of emergency, pakakhala nkhondo kapena ngozi yachilengedwe yofalikira kwambiri. Chilengezocho chimatha pakapita masiku 21 ngati Nyumba ya Malamulo sinawonjezere nthawi. Kungonena kuti dera lili pa ngozi, ngati nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, n'kosiyana: pamenepo cholinga n'kupeza thandizo. Ndipo zivute zitani, ufulu wokhala ndi moyo, wachipembedzo komanso wosazunzidwa sukhudzidwa.

Kwa akatswiri a maganizo a anthu, mawu omwewa akuti derogation amanena za kunyoza ena. Mu 1966 Melvin Lerner ndi Carolyn Simmons anapeza kuti anthu akaona munthu akuvutika koma osatha kumuthandiza, amayamba kumupeputsa, kuti azikhulupirirabe kuti dziko ndi lachilungamo. Izi ndiye ndazimva ndekha mu minibasi ya ku Monkey Bay. Tikudutsa nyumba yomira mpaka m'mazenera, bambo wina anati, "Adziona, anamangiranji m'mphepete mwa nyanja?" Sanafunse n'komwe ngati banjalo lili ndi kogona.

Amene ananditumizira Gawo 44, zikomo, koma lija ndi la malire a ufulu masiku onse.